Nkhondo ya Firiji ndi Nsomba ya a Tapani

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, mumve za chaka chimene dzuwa la Julaye linakwiyira mzinda wa Helsinki, mpaka firiji ya m'chipinda choyesera zinthu inatsirizika mmawa wa Lachiwiri, nkhondo n'kubuka pakati pa anthu amene dzulo lake ankapatsirana khofi mwamtendere!

M'firiji yakufayo munali chuma cha Inkeri Koskela, Mwana wa Magolovesi Awiri, Wosayetsemulira Silikoni, amene kwa zaka zitatu ankawamba tizidutswa ta silikoni ndi cheza choopsa pofuna kuona ngati tingapirire m'makina ogundanitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Tizidutswa totere tikangofunda, zipsera zake zimasintha, ndipo muyeso wonse umasanduka bodza. Inkeri anatiunjika m'bokosi la ayezi, koma ayeziyo anali atayamba kale kulira, ndipo digiri yake inali pafupi kulowa m'madzi.

Firiji ina inali kukhitchini, mu ufumu wa a Tapani Voutilainen, Mkonzi wa Mawaya, Namandwa wa Mbedza, amene kwa zaka zisanu ndi zitatu anagonekamo chinsomba cha mtundu wotchedwa hauki, chotalika mita yathunthu malinga ndi pakamwa pa mwini wake. Tsono lamulo la pamalopo linali losapita m'mbali: chakudya ndi zinthu za cheza sizigona m'firiji imodzi.

"A Tapani," anatero Inkeri ataima pakhomo ngati mkulu wa asilikali, "tulutsani nsomba yanu, firijiyi ikupita kuchipinda choyesera zinthu!"

"Ati chiyani? Mwana iwe, nsomba iyi inafika pano iwe usanadziwe kugwira sikuludiraiva! Mapulofesa a ku Geneva anaivulira zipewa!"

"Ankatseka nazo mphuno, akulu."

"Silikoni wakoyo ndi mchenga wopita kusukulu basi. Kagule wina!"

Apo ndiye kunavuta. Inkeri anagwira chingwe cha magetsi, a Tapani anakhalira chivundikiro ndi thupi lawo lonse, ndipo awiriwo anayang'anana mwaukali umene Afinishi amausungira munthu wolankhulitsa anzake m'basi. Panapita mphindi khumi. Inkeri atasuzumira m'bokosi lake n'kupeza ayezi akusambira m'madzi, mtima unamusweka, misozi n'kulengeza m'maso.

A Tapani anaona, ndipo anayang'ana pansi.

"Ikadyedwa," anatero chapansipansi, "adzakhulupirire ndani kuti inali mita?"

"Ndiiyeza ineyo," anatero Inkeri. "Ndilemba chikalata, gulu lonse lisayina."

Motero chinsombacho anachigoneka patebulo, akatswiri onse atazungulira, ndipo Inkeri anatambasula tepi kuyambira kukamwa mpaka kumchira. Masentimita naintefolo! Nkhope ya a Tapani inagwa ngati ya munthu amene basi yomaliza yamusiya. Koma Mwana wa Magolovesi Awiri anatenga cholembera, nalemba monga amalembera akatswiri onse akamapereka muyeso: "Mita imodzi, kuonjezera kapena kuchotsera masentimita sikisi."

Nthawi yomweyo a Tapani anadzuka, nakankha firijiyo okha mpaka kuchipinda cha Inkeri, akukalipira aliyense woima m'njira, ndipo silikoni analowamo akadali wozizira.

Masana amenewo mtendere unasindikizidwa ndi phwando. Nsombayo anaikazinga ndi batala, mbatatesi pambali, ndipo ngakhale inkakoma ngati katoni yonyowa, palibe anayerekeza kusiya m'mbale. Mkulu wa gululo analankhula mawu anayi athunthu, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire.

Chikalatacho chili pakhoma mpaka lero. Mlendo aliyense akafika, a Tapani amamukokera pomwepo, n'kuloza ndi chala masiginecha khumi ndi awiriwo.

"Mita imodzi ndi masentimita sikisi," amatero. "Si ine ayi, ndi sayansi."