Khonde la Amayi Lopanda Chitseko

Kwa Bwana Mkulu wa kampani imene yamanga nyumba yosanja mumsewu wathu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndisanafike pa chimene ndalembera, mundilole ndikuuzeni za mutu wanga. Ndili mwana, Amayi ankandimeta pakhonde la nyumba yathu yakale, pamene lero mwakonza poimika magalimoto. Ankandikhazika pachitini, n'kundikulunga kansalu m'khosi, n'kutenga sizasi ya Bambo, amene anali telala. Koma khondelo linali m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ndipo Amayi sankalola munthu kudutsa osamufunsa za kunyumba. Akadula tsitsi pang'ono, ankaima kuti amve za mwendo wa uje. Akadulanso, ankafunsa ngati khanda la uje layamba kukwawa. Tsiku lina kunadutsa mayi wina amene mwamuna wake anali atangobwerera atasowa kwa zaka, ndipo nkhaniyo inakoma mpaka sizasi inaiwalika. M'mawa mwake ndinapita kusukulu mbali imodzi yometa, inayo ili chiimire. Anzanga anandiseka mpaka temu kutha. Nthawi imeneyo khonde lija ndinkadana nalo. Lero tsitsi linatha lokha, koma chimene ndimasowa kwambiri ndi khondelo.

Mutabwera kudzagula malo mumsewu muno, ambiri anapakira katundu n'kupita. Amayi anakana. Anyamata anu a mataye anawalonjeza chipinda m'nyumba yatsopanoyo, pamalo omwewo, ndipo iwo anapempha chinthu chimodzi chokha. Anati, "Bola pakhale khonde, ana anga, zinazo muone nokha." Anyamatawo anatulutsa chithunzi. Khonde linalipo, ndipo panali ataimapo mtsikana wowonda, kapu ili m'manja, akuyang'ana kutali ngati munthu wopanda mavuto. Amayi anadinda chala.

Ndikuchitira umboni pamaso pa onse owerenga kalatayi kuti simunaname. Khonde lilipo. N'chifukwa chake ndabwera ndi mathokozo, ndipo ndawaika m'ndondomeko kuti asakutayitseni nthawi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nkhope ya nyumbayi. Magalasi obiriwira kuchokera pansi mpaka kudenga, zitsulo zopotana ngati zoluka ndi manja, makonde ondondozana bwinobwino ngati mano a mwana. Akwati amachokera kutali kudzajambulitsa kutsogolo kwake. Ngakhale ine, tsiku lolowa, ndinaima tsidya la msewu kukamwa kuli yasa. Titawakweza Amayi pansanja yachitatu, anayenda ndi ndodo yawo m'mbali mwa galasi, akupapasa kuti apeze chogwirira. Anafika pakona, n'kubwerera, n'kupapasanso. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi maso angawa ndi amene atha, kapena chitseko sanabwere nacho?" Maso awo analibe mlandu, Bwana. Khonde lili kunja, Amayi ali mkati, ndipo pakati pawo pali galasi losatseguka.

Chachiwiri, zikomo potitumizira wojambula mapulani wanu kuti atiphunzitse. Ndi mnyamata waulemu, wonunkhira bwino. Anatifotokozera kuti chitseko chimadula mizere ya nyumba, ndipo munthu woyang'ana ali mumsewu diso lake limapunthwa. Anawonjezera, motsitsa mawu, kuti anthu mukawapatsa khonde lenileni amayamba kuyanikapo zovala, kuikapo zidebe, ngakhale matiresi amene ana anyowetsa. Ndinachita manyazi, chifukwa zimene ananenazo n'zoona. Ndife anthu ochapa. Tinabadwa choncho, ndipo sindikuona kuti tisintha msanga. Sindinadziwe kuti nyumba imamangidwira munthu wodutsa, ndipo wokhalamo ntchito yake ndi kusamusokoneza.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha maluwa. Mwatipulumutsa ku ntchito yothirira, poti ndi apulasitiki. Woyang'anira nyumbayi, amene timangomuti a Makiyi, amakwera pamakwerero aatali kukawapukuta fumbi. Moti anthu amene anapondapo pakhonde la Amayi ndi a Makiyi okha, kuphatikizapo nkhunda, zimene zamanga chisa kuseri kwa mphika wa maluwawo ndipo zikuswana mosangalala. Amayi akawaona a Makiyi kunjako amawafunsa ndi manja kuti kamphepo kakukoma bwanji. A Makiyi amagwedeza mutu n'kuyang'ana kumbali. Ndi munthu wachisoni, ndipo ndikupempha kuti musamuchotse ntchito chifukwa ndamutchula.

Pomwepa ndithokozenso chifukwa cha chikepe chokwezera anthu pansanja. Chitseko chake n'chonyezimira moti atsikana amadziyang'anirapo. Tikumva kuti makina ake akubwera. Padakali pano kuseri kwake kuli dzenje lokhalokha. Ndiye m'nyumba imodzi muli khonde lopanda chitseko ndi chitseko chopanda kolowera, ndipo ine, munthu wosaphunzira zomangamanga, ndimangoganiza kuti mwina ziwirizi zikanakumanitsidwa. Mawondo a Amayi sagwirizana ndi masitepe. Chikwerereni tsiku lija sanatsikepo.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha bata. Amayi ali ndi mnzawo wa kuyambira utsikana, a Nyuzi, amene dzinali analipeza chifukwa palibe chochitika mumsewu muno chimene chimawadutsa. Nawonso miyendo inawathera, sangakwere. Amabwera m'mawa, n'kuima pansi pa khonde, n'kuyamba kufotokoza mokuwa, manja ali m'mwamba. Galasi lanu n'labwino kwambiri, Bwana, silidutsa ngakhale liwu limodzi. Amayi amangoona pakamwa pakuyenda, n'kumagwedezera mutu ngati akumva. A Nyuzi akatopa amabayibitsa n'kumapita. Ndikafika madzulo Amayi amati, "Kwachitika chachikulu lero, a Nyuzi anachita kugwira m'mutu. Kafufuze." Ine ndimapita kukafufuza, koma nkhani ndikaibweretsa ine imakhala itazizira. Amati sindidziwa kufotokoza, ndinatengera Bambo.

Apa mundikhululukire, mathokozo andithera pang'ono.

Dzuwa likapendeka limamenya galasi lija, ndipo chipinda chimatentha ngati uvuni. Amayi ali ndi mphumu. Zenera lotseguka m'nyumba monse ndi limodzi, kakang'ono, ka kubafa, koyang'ana kumbuyo kumene munabisa mapaipi ndi khoma losapaka penti. Tsiku lina ndinaweruka msanga n'kuwapeza atakokera mpando m'bafamo, atakhala pafupi ndi sinki, nkhope atalozetsa kukazenerako. Anavala bwinobwino, duku kumutu, ngati akudikira alendo. Atandiona anaseka n'kunena kuti, "Usauze mlongo wako." Sindinamuuze, koma adokotala anamuuza. Anati chifuwa chimenechi chikufuna mpweya, ndipo miyezi yotentha ikafika Amayi ali m'chipinda chimenecho, tisadzati sanatichenjeze.

Mlongo wangayo amakhala kutali, ulendo wa tsiku lonse, ndipo wanenetsa kuti mwezi uno ukatha abwera ndi galimoto kudzawatenga. Sakulakwa. Koma kumeneko Amayi sadziwa munthu. Mumsewu muno ndi mmene anakwatiwira, mmene anatiberekera, mmene anatulutsira maliro a Bambo. Anakana kuchoka pamene makatapila anu anali pakhomo, ndipo tsopano achotsedwa ndi mizere ya nyumba. Chimene chingaletse ulendowu ndi chitseko chimodzi, chotalika ngati munthu, chokhala ndi mahinjesi awiri ndi chogwirira.

Ndayesa kukupezani kuti ndinene zimenezi pamaso. Ine ndi mlembi wanu timadziwana tsopano, moti amandifunsa za ana. Nthawi zonse mumakhala muli pamsonkhano, kapena mwangotuluka kumene, kapena mwapita kukalandira mphoto. Za mphotoyo ndinasangalala nanu. Ndinamva kuti inali ya nyumba yokongola kwambiri, ndipo oweruza ake anaiona ali mumsewu, kumene imaonekeradi bwino.

Ndiye taganizani chimwemwe changa dzulo, Bwana, mlembi uja ataimba foni yekha. Akuti Lachinayi likubwerali mubwera nokha, ndi wojambula zithunzi wa magazini ya kampani, kudzacheza ndi mayi wachikulire amene anakhulupirira ntchito yanu kuyambira pachiyambi. Akuti mukufuna chithunzi muli awiri, inu ndi Amayi, mukumwa tiyi pakhonde lawo. Ndinamufunsa kawiri ngati wanena kuti pakhonde, ndipo anati inde, ndi mmene mwalamulira.

Amayi avomera. Asita kale diresi, ndipo anditumiza kukagula makapu atsopano. Pempho langa n'lochepa, ndipo ndikulinena nditagwada. Makwerero a a Makiyi alipo, ndipo inu, poti thupi likadali lolimba, mukhoza kukwera bwinobwino, ife tidzakugwirirani pansi. Koma Amayi pamakwerero sangathe. Ngati mukufunadi kuti pachithunzipo mudzaoneke muli mbali imodzi ya galasi, mudzabwere ndi mmisiri, ndipo mudzamutsogoze.

Tiyi adzakhala atapsa pofika 2 koloko masana. Tikukudikirani mkati.

Ine wanu wogonjera ndi wothokoza kosaleka,
Mwana wa mayi a pansanja yachitatu