Wezulo, Khonde ndi Apongozi Anga

Lolemba

Andisankha ine! Ine amene kumsonkhano wa kalabu ya fodya ndimakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Loweruka ndine refa.

Nkhani yake ili motere. Che Adamu a kaunjika pa Chamama apeza mpira m'belo la zovala, wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Aphunzitsi a Chirwa akuti si wopunduka ayi, ndi wa ku Amereka, ndipo malamulo ake awapeza pafoni. Fodya tagulitsa, m'zigafa mulibe kanthu, ndiye amayi a kalabu agawikana matimu awiri kuti asewere: Osoka fodya ndi Osankha fodya.

"Refa akhale uyu," atero aphunzitsi. "Sajeda, ndipo polemba salumpha mzere."

Ndagula kope latsopano. Palibe cholakwika chimene chidutse pamaso panga.

Lachiwiri

Kumapeto onse awiri a bwalo kuli malo amene ukalowamo ndi mpira wagoletsa, mapointsi sikisi. Dzina lake lachingerezi likundiluma lilime, ndiye ndawatcha khonde. Kugwetsana kulibe, tonse ndife azimayi. Munthu wagwidwa akamusolola kansanza ka m'chiuno.

Malamulo a m'khonde, ndakopera ndi dzanja langa:

1. Ukawakha mpira wa adani uli m'khonde la kwanu, n'kugwidwa momwemo, palibe wapindula. Mpira ndi wanu, mukayambira kutsogolo masitepe makumi awiri.
2. Ukatuluka nawo m'khondemo, n'kubwereramo wekha, n'kugwidwa, adani apeza mapointsi awiri.
3. Mpira ukakupulumuka usanaponde mzere, n'kugubuduka kudutsa khonde la adani mpaka kunja, si chigoli. Mpira wapita kwa adani.

Lamulo lachitatuli n'lankhanza, koma ndi lamulo.

Mizere ndathira ndi phulusa, zidebe zinayi, poyeza ndi chingwe chosokera fodya. Kuwongoka kwake! Masana ngolo ya manyowa yadutsa pakati pa khonde lakum'mawa. Ndathiranso.

Lachitatu

Tsiku loyeserera. Vuto: amayi onsewa anakulira netibolo. Akawakha mpira akungoima njii, phazi limodzi lomata pansi, n'kumafuna womupatsira.

"Thamangani, amama! Kuno kuima yayi!" Aphunzitsi mpaka mawu asasa.

Aphunzitsi andipatsa wezulo, wachitsulo, wa kusukulu. Ndaliza kawiri. Yamva ndi nkhuku yokha. Mai Gondwe, kaputeni wa Osankha, akuti, "Refa wathu akuuzira phala la mwana." Aseka onse. Ine sindinaseke, ndalemba dzina lawo kumapeto kwa kope.

Lachinayi

Mayo ine! Apongozi anga alowa timu ya Osoka.

Chikwatiwire, miyezi inayi tsopano, sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Madzi ndimawapatsa chogwada. Nanga munthu wotere n'kumulizira wezulo?

Ndapempha aphunzitsi afufuze pafoni ngati pali lamulo la apongozi. Afufuza. Akuti ku Amereka nkhani imeneyi sanailembe.

Komanso amathamanga! Mwa amayi onse, ndi iwo okha amene amvetsa zoti kuno saima. Chitenje akwinyira m'mwamba, fumbi koboo.

Lachisanu

Zimene zatsala pa dongosolo langa:

Mizere: yauluka ndi mphepo. Phulusa latha m'mudzi muno, ndakapempha kwa owotcha njerwa.
Tinsanza: Osoka amanga tawo mfundo ziwiriziwiri. Ndamasula kamodzikamodzi.
Wezulo: ndakayeserera kudimba. Ndamveka mpaka kumjigo!
Malamulo: onse atatu ali m'mutu, ngakhale kuyambira kumapeto.

Amuna anga akuti, "Amayi akagwira mpira, iwe uzingoyang'ana kumwamba." Ndalowa m'nyumba, ndatsegula kope, ndalemba kuti AYI.

Loweruka

Anthu! Mpaka ena akwera pangolo. Wezulo akumveka.

Osankha agoletsa, sikisi. Kenako Mai Gondwe awakha mpira m'khonde la kwawo, atuluka, aona Osoka akubwera ngati njuchi, athawira m'khonde momwemo, agwidwa. Lamulo lachiwiri! Mapointsi awiri kwa Osoka. Aphunzitsi andigwedezera mutu. Mtima wanga mbee.

Kwatsala pang'ono kuti titseke. Osankha aponya, ndipo wawakha ndani? Apongozi anga, m'khonde la kwawo. Athamanga bwalo lonse, palibe wowakhudza. Atsala masitepe awiri kuti aponde mzere, akweza dzanja kukamwa kuti aimbe nthungululu. Mpira wapulumuka. Wagubuduka, wadutsa khonde lonse, wakaima m'ziputu za fodya.

Osoka akuvina. Ine ndaona bwinobwino pamene phazi linali.

Ndaliza wezulo. Osoka aleka kuvina.

Ndayenda, ndagwada chapambali pawo, maso pansi, manja pamodzi. "Amayi, pepani. Si chigoli. Mpira ndi wa Osankha."

"Mwati bwanji, apongozi?"

Ndatsegula kope, ndawerenga lamulo lachitatu lonse ndili chigwadire. Sindinalumphe liwu ngakhale limodzi.

"Bwalo lonseli ndathamangira Mai Gondwe?" Atero, atola mpira m'ziputumo, aupanira kukhwapa, ulendo wa kunyumba. Osoka onse pambuyo pawo. Masewero athera pomwepo.

Lamulungu

Wezulo ndabweza kwa aphunzitsi. Kalabu yagwirizana kuti ibwerere kunetibolo, refa adzakhala wina. Amuna anga amwa tiyi, angopumira m'mwamba kawiri.

Potuluka m'tchalitchi ndapeza apongozi azunguliridwa. Akufotokoza mmene anagoletsera, akuti Osoka anapambana eyiti kwa sikisi. Aliyense akuvomera, ngakhale amene anaona.

Andiona. "Si choncho, apongozi?"

Ndagwada, ndapereka moni, ndafunsa mmene miyendo yadzukira. Akuti yadzuka bwino.

Koma si chigoli.