Dzimbiri M'mimba mwa Dalitso

Thewera ndilo linayamba kunena. Nditalimasula m'mawa, chimbudzi cha Dalitso chinali chakuda bii, ngati wadya makala. Ndinamuyasamitsa, makala mulibe. Ndinafunsa mkulu wake Tiyanjane, akuti sanamupatse kanthu (mwana wa zaka zinayi akakana msanga chotere m'pamene mtima umathamanga).

Kenaka ndinakumbukira botolo. Sabata lomwelo tinapita kukiliniki kwathu kuno kwa Mlolo, anati mwana magazi achepa. Pawindo la mankhwala ndinapeza Esinati, amene tinkakhala benchi limodzi mpaka giredi seveni. Ine ndinalekera pomwepo. Iye anakhoza, a kuyunivesite anamutenga m'gulu la ana a kumidzi amene amayamba awakonzekeretsa, kenaka n'kuwaphunzitsa zamankhwala kuti adzagwire ntchito kwawo. Ndiye wabweradi, chovala choyera mbee. Manyazi anandigwira. Iye akulongosola za botolo la mankhwala limene anandipatsa, ine "eya, eya," maso pansi. Mawu amene ndinatola ndi awa okha: "M'menemu muli chitsulo."

Chitsulo. Chonsecho mwana ndimam'mwetsa madzi tsiku lonse. Nanga khasu likagona pamvula limatani?

"Abambo ake, mwana wachita dzimbiri!"

Iwo anasuzumira theweralo n'kupukusa mutu ngati aona tcheni cha njinga. "Apa pafunika mafuta," anatero. (Musawaseke okha, supuni ndinagwira ndine.) Saladi, mafuta ophikira aja, supuni imodzi, gwa. Madzi ndinamumana. Ndinamugonekako padzuwa pang'ono kuti aume m'kati.

Pofika masana mwana akungolira, milomo gwaa, m'mimba mwatseguka. Ndinamubereka, thewera m'pulasitiki, liwiro. Mzere pawindo paja sindinauone n'komwe.

"Esinati, chitsulo chako chija chachita dzimbiri!" Thewera pa! pamaso pa anthu.

Sanaseke msanga. Anayamba wam'mwetsa mwana madzi, namuyang'ana m'maso, namutsina khungu la pamimba. Ataona kuti akumwa bwino, anandifunsa zimene ndinachita, ine n'kuulula zonse.

"Amake Dali, mafuta mwathira. Nanga mabuleki akugwira?"

Mzere wonse unagwa nako kuseka, mpaka mayi wina wodwala chifuwa anatsamwa.

"Kudaku ndi mankhwala omwewo, sikuopsa. Ndinakuuzani tsiku lija, inu muli kalikiliki kuwerenga zala zakumapazi. Koma nanenso ndinalakwa. Kusukulu ankatiuza kuti tikabwerera kwathu tizilongosola m'chinenero chathu, ine n'kutembenuza dzina la mankhwala kuti chitsulo. Kuyambira lero ndizingoti owonjezera magazi." Kenaka nkhope inasintha. "Botolo mwalisiya pati?"

"Pazenera."

"Ndi lotsekemera lija. Tiyanjane akalipeza n'kumwa lonse, chimenecho ndicho chingaphe. Pitani."

Ndinabwerera liwiro loposa popita. Ndinapeza Tiyanjane waimirira pakampando, botolo m'manja, akulimbana ndi chivindikiro ndi mano. Abambo ake ali kuseri, akuthira mafuta njinga. Chivindikiro chinali chisanatseguke. Ndinamulanda pomwepo.

Botololo ndinalimanga ndi chingwe kudenga, pamene ngakhale abambo ake safika opanda chokwerapo. Kampando ndinakasungitsa kwa apongozi. Dalitso akumwabe mankhwala ake, thewera likadali lakuda, ndipo m'mawa uliwonse ndimaliyang'ana kawiri kuti mwina lafiira.

Saladi nayenso ndinamumanga kudenga komweko.