Liwu Limodzi, Anthu Makumi Anayi

Anzanga, usiku wapitawu ndinalota tili mu ofesi yathu yakale ija ya ku Limbe, atatu okha: ine, inu a Chikaiko, ndi a Nangozo. Timalemba pulogalamu yotumiza mauthenga pa foni, yokumbutsa amayi tsiku lopita ndi ana ku katemera. Ndiye a Nangozo akuti, "A Mwatitha, uthengawu ukunena Lachiwiri, pomwe katemera ndi Lachinayi. Takonzani msanga." Liwu limodzi lokha, ntchito ya mphindi ziwiri.

Ndiye ndikuti ndiike zala pa kompyuta, kiyibodi inakhosomola. "Pepani mayi," inatero, "mwadzaza fomu?"

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka, n'kulowa bwana wathu a Kamdzeka, kumbuyo kwawo anthu ali pamzere ngati ku chigayo. "Ntchito ikuchedwa," anatero, "ndakubweretserani anthu makumi anayi." Akulankhula choncho khosi lawo linafiira n'kulendewera, jekete inamera nthenga, basi nkhukutembo yathunthu, koma tayi ili pakhosi pomwepo. Palibe anadabwa.

Ndiye aliyense mwa anthu aja amafuna ndimufotokozere momwe pulogalamu imayendera. Pomwe ndimamaliza ndi womaliza, woyamba anali ataiwala. Ndiye nkhukutembo inalamula msonkhano wa choimirira, aliyense anene zimene anachita dzulo. Woyamba akuti, "Dzulo ndinali pa msonkhano." Wachiwiri chimodzimodzi. Mipando inayamba kung'ung'udza pakona kuti yachotsedwa ntchito popanda kalata.

Mwadzidzidzi ndinamva kugogoda pa zenera. Anali mayi wina, mwana kumbuyo, fumbi mpaka m'mawondo. "Ndinu otumiza mauthenga aja?" anafunsa. "Ndanyamuka m'bandakucha. Ku chipatala andibweza, ati si lero." Manyazi anandigwira. Ndinawauza kuti adikire pang'ono, ndikonza pompano.

Ndiye ndinathamanga ndi fomu kwa a Chanza, oyang'anira ndondomeko. Ndinawapeza atasanduka nanzikambe, akuyenda pamwamba pa desiki, mwendo kutsogolo, n'kuubwezanso. Diso limodzi linali pa fomu, lina pa wotchi. "Iyi ndi fomu yopemphera kukonza," anatero. "Muyambe mwadzaza yopemphera fomu imeneyi." Ndinadzaza. Chidindo chinakana kudinda, chati sichigwira ntchito komiti isanakumane. Komiti inali mbuzi zisanu ndi ziwiri, ndipo inu a Chikaiko, musaseke, munali wapampando. Munadya tsamba loyamba n'kunena kuti fomu ndi yosakwanira.

Kusuzumira pa zenera, mwana uja watsika kumbuyo, akuyenda yekha. Kusuzumiranso, wavala yunifolomu ya sukulu. Kachitatu, ndevu. Nkhukutembo itamuona inamuitana n'kumulemba ntchito pompo, ndipo inamupereka kwa ine kuti ndimuphunzitse.

Ndiye chilolezo chinatuluka, masiginecha khumi ndi awiri. Ndinakhala pansi, kufufuta Lachiwiri, kulemba Lachinayi. Osadziwa kuti anthu ena asanu, aliyense ndi chilolezo chakechake, amakonzanso mzere womwewo. Mwadzidzidzi mafoni onse m'chipindamo analira pamodzi. Uthenga unati: "Bwerani ndi mwana Lachiwiri, Lachinayi, Loweruka, kapena funsani komiti."

Mayi aja anali akadali pa zenera, tsitsi litayera, nsalu yoberekera ili m'manja. Anawerenga uthenga uja kawiri, n'kundiyang'ana popanda mkwiyo.

"Mwanawe," anatero, "ukanangondiuza pakamwa."

Ndinafuna kuyankha, koma nkhukutembo inali itayamba kale kujompha tebulo, go! go! go!, kuitanitsa msonkhano wofufuza chimene chatichedwetsa, ndi kuona ngati tingawonjezere anthu ena makumi awiri.

Kutsegula maso, kunja kwayera. Anali aneba anga a Nasibeko, akugogoda mpopi ndi mwala, madzi asanabwere.