Nantchengwa Anandilanda Mkazi

Pali mbalame imodzi imene mpaka lero ndikaiona ndimayang'ana kumbali. Sikuti ndimaiopa, ayi. Tinali pa mlandu ine ndi iyo, ndipo mlanduwo unandigwera ine.

Ufulu unali udakali wakhanda pamene boma linanditumiza kukaphunzitsa kuchigwa, pasukulu ina yaing'ono kupitirira Jumbe, kufupi ndi mtsinje wa Lupande. Masiku amenewo Chipata tinkaitchulabe Foti Jemisoni. Ine ndinali mnyamata wa ku Katete, wa Fomu Thu, tayi pakhosi, buku la sayansi kukhwapa, ndi mtima wapachala umene amayi ankati ndinayamwa kwa tonde. Anthu a kumeneko ndi Akunda. Akamacheza okhaokha ndinkangotolako mawu apa ndi apo, koma kwa ine ankalankhula Chinyanja, ndipo ankandipatsa ulemu woposa msinkhu wanga. Aticha uku, aticha uko.

Ndiye panali Esinati. Sindikufotokozerani nkhope yake, chifukwa ndikayamba sindimaliza. Ndingonena kuti m'chigwa chonsecho ndi iye yekha amene ankatha kundiziziritsa. Ndikayamba kufuka utsi ankangoti, "Aticha, madzi awira, tiphike chiyani?" Ine n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinapereka chikole, nsalu yogula kwa Mmwenye ku Foti. Iye anandipatsa mpango woyera umene anasokapo yekha maluwa ofiira m'makona monse.

"Ndiziuona pathumba la jekete Sande iliyonse," anatero. "Tsiku limene sindidzauona, ndidzadziwa kuti mtima wanu wasamukira kwina."

Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa lija likuwotcha ngati lili ndi chifukwa ndi munthu, ndinapita kudziwe cha m'ma folo koloko. Ndinachapa mpango uja, ndinauyanika pa udzu, n'kulowa kuseri kwa bango kukasamba. Potuluka, mpango palibe. Ndinafufuza m'udzu, ndinatukwana mbuzi zimene panalibe, ndinatukwana mphepo. Kenako ndinakweza maso. Pamphanda ya mtengo wa mchenja, m'mphepete mwa dziwe momwemo, panali chisa cha nantchengwa, ndipo pamwamba pake maluwa ofiira akundiyang'ana.

Kwa amene simumudziwa, nantchengwa ndi kambalame kofiirira, kamutu ngati nyundo, koyendayenda m'mbali mwa madzi kusaka achule. Thupi ndi la nkhuku, koma chisa chake ndi nkhokwe yeniyeni, ya timitengo ndi matope, khomo lake kabowo kamodzi m'munsi. Ndipo kuchigwa kuja chisa chimenechi sachigwira. Amati wochigwira amazungulira mutu. Ndinkadziwa bwino lomwe, poti ana asukulu atandiuza ndinawalembetsa ka twente m'makope mwawo kuti mbalame ilibe mankhwala.

Ndinakwera, ndili ndi kabudula yekha.

Abale, zimene ndinapeza pamwamba pa chisa chija sindinazionenso kwina. Mbalame ija inali ndi sitolo. Panali khungu lofundula la njoka lalitali kuposa ine, nkhwayira imodzi, chigoba cha fulu, nsanza ya ukonde, mikanda ya m'chiuno ya mayi wina, ndi chipewa chofiira cha mesenjala wa boma la atsamunda, chosuluka ndi dzuwa. (Azungu anali atapita, koma nantchengwa anasungako chikumbutso.) Mpango wanga ndinautenga, ndinauluma ndi mano. Ndikanatsika pomwepo, bwenzi lero ndikukusimbirani za adzukulu a ine ndi Esinati.

Koma uticha unandigwira. Ndinati zinthu izi ndikaonetse ana mawa, umbuli uthe pamudzi pano. Poti ndinalibe thumba, chipewa ndinavala kumutu, khungu la njoka ndinakoleka m'khosi, mikanda ndinalowetsa padzanja. Zitatero ndinafunanso kudziwa za m'kati. Ndinawerama, ndinapisa mkono pakabowo paja mpaka m'phewa. Ndinakhudza chinthu chozizira, chokhakhala. Chinthucho chinapuma.

Inali ng'azi, imene inkabisala dzuwa m'menemo. Inatuluka kudzera pankhope panga, inandisiyira mchira pakhutu, ndipo ine ndi mtengo tinasiyana. M'mphepete mwa dziwe madzi anali ataphwa, choncho ndinagwera m'matope, thapsa!

Podzuka ndinapeza amayi asanu ataima ndi mitsuko. Patsogolo panali amake Esinati, apongozi anga a m'tsogolo, munthu amene mwa mwambo ndikakumana naye panjira ndinayenera kupatukira kuthengo. Anandiona ndili ndi kabudula, matope mpaka m'maso, chipewa cha mesenjala, njoka m'khosi, mpango kukamwa ngati galu.

"Mayo ine! Aticha!"

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mikanda yanga ija iyo!" Atazindikira zimene wanena anagwira pakamwa, ndipo onse anathawa, mitsuko n'kutsala.

M'mawa mwake anandiitana a Sakala, amalume ake a Esinati, msodzi wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa ukonde umene ankasoka.

"Aticha, ife sitikukukanani. Mpango munautsata mpaka mumtengo, chimenecho n'chikondi, tachiona. Koma chisa mwachigwira. Mwana wathu sitingamupereke kwa munthu amene mutu wake sitikuudziwa. Tidikire masiku sate. Akatha mudakali bwinobwino, ankhoswe anu abwere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere sayansi, koma Esinati, amene ankasenda chinangwa pakhonde, anatsokomola. Pondiperekeza, Esinatiyo anandiuza kuti, "Si zovuta. Muzidya, muziphunzitsa, muzigona. Koma osakalipa. Mukangokalipa adzati yayamba."

"Iwenso ukukhulupirira zimenezi?"

"Za mbalame sindikudziwa. Ine ndikudziwa inuyo."

Masiku sate! Mudzi wonse unasanduka madokotala. Munthu akati "Mwaswera bwanji aticha?" yankho samalimvera, amangokuyang'ana m'maso. Mkulu wina amene moyo wake wonse sanasamalepo za kalendala anayamba kundidikirira panjira m'mawa uliwonse. "Aticha, kodi lero n'lachingati?" Ndikawerenga buku mokweza, akuti ayamba kulankhula okha. Ndikaseka, akuti mwamva kasekedweko? Ndikapanda kuseka, akuti taonani ndwii. Mayi wina anandibweretsera mtedza wosasenda n'kuima pakhomo kuti aone ngati ndidye ndi makoko omwe. Ahedi, munthu wophunzira mnzanga, anabwera kudzabwereka nkhwangwa yanga, kenako mpeni, kenako lumo lometera. (Ndevu zitakula, zinakhalanso umboni.)

Ndinapirira. Lilime ndinaliluma mpaka linachita zilonda. Chimene chinkandisunga chinali chimodzi. Madzulo aliwonse Esinati ankadutsa kuseri kwa sukulu ndi mtsuko pamutu. Sankaima, sankayang'ana kwa ine, koma ankatambasula zala pambali pa chitenje chake kundionetsa masiku otsala. Akakhala ambiri ankafumbata n'kutambasulanso. Ine pawindo ndinkawerenga zala zija ngati kalata. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaliona dzanja lija.

Tsiku la twente sikisi linali Sande. Titatuluka m'tchalitchi, anthu ataunjikana pabwalo kupatsana moni, kunabwera nantchengwa kuchokera kudziwe. M'chigwa monsemo muli mitengo yosawerengeka, koma iye anasankha denga la nyumba yanga. Anatera, anapendeketsa kamutu kake kaja, n'kuyamba kulira.

Palibe anayang'ana mbalame. Onse anatembenukira kwa ine. Ndiye wina kumbuyo, sindinamudziwe mpaka lero, ananena chapansipansi kuti, "Yabwera kudzazonda munthu wake."

Chingwe chinaduka. Ndinaigenda ndi buku la nyimbo. Itauluka ndinaithamangitsa kudutsa m'munda wa ahedi, jekete ndi tayi zili m'thupi, ndikuitukwana m'Chingerezi. Nditabwerera, thukuta lili kamukamu, nsapato imodzi itatsala m'mizere, ndinaima pachulu n'kuwalalikira. Ndinawatchula mbuli onse, akulu a mpingo, ahedi, apongozi omwe. Ndinati ufulu anaupereka kwa anthu olakwika. Ndinakuwa kuti, "Ine sindine wamisala!" katatu, ndipo ndikuuzeni, palibe mawu amene amamveka amisala kuposa amenewo.

A Sakala anangovula chipewa n'kunena kuti, "Pepani, aticha."

Esinati anali ataima pafupi ndi khomo la tchalitchi. Zala zinayi zinali zotambasula pambali pa chitenje. Ndikuona, anazipinda chimodzichimodzi.

Lachiwiri nsalu ya chikole inabwezedwa, yopindidwa bwino, yosavalidwa. Teremu itatha ndinapempha transifa. Ndinamva pambuyo pake kuti Esinati anakwatiwa ndi mlonda wa nyama wa ku Mfuwe, munthu amene akuti ngakhale njovu imuthamangitse amayenda pang'onopang'ono.

Chaka chatha ndinadutsanso njira ija popita kumaliro a mnzanga. Pobwerera, pa Jumbe, ndikudikira basi ya ku Chipata, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Aticha, mutu uli bwanji?"

Anali iye. Imvi zayamba, thupi ladzaza, pambali pake mwana wamkazi wamkulu atanyamula dengu la mango.

"Uli bwino," ndinatero. "Unali bwino nthawi yonse ija."

"Ndinkadziwa. Amalume nawonso ankadziwa. Asanamwalire anandiuza kuti za mbalame zija iwo analibe nazo ntchito kwenikweni. Anati munthu amene sangaugwire mtima masiku sate, adzaugwira bwanji zaka sate m'nyumba?" Anasankha mango awiri n'kundiika m'manja. "Anatsala anayi okha, aticha. Ine ndinali nditayamba kale kuumba mbiya zanga."

Basi inafika. Kondakitala anandilanda chikwama n'kuchiponya padenga ngati thumba la makala, ndipo ndinamva botolo la mankhwala anga likusweka m'katimo. Magazi anakwera. Koma Esinati anali pomwepo akundiyang'ana, choncho ndinameza, ndinamwetulira, ndinati, "Zikomo, bambo." Ndinakhala pawindo, ndinamubayibitsa Esinati mwaulemu mpaka basi inakhota pakona, iye n'kubisika kuseri kwa mitengo.

Kondakitala uja ndinamukalipira kuyambira pakona pomwepo mpaka ku Chipata.