Laibulale pa Wilibala

Nzeru imeneyi inabadwira m'shabini ya ku Kalingalinga, chibuku chitayamba kulankhula. Moven, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi kamodzi n'kuipheratu, anali ndi dandaulo. Towela, mtsikana wa ku yunivesite amene iye ankamufera, sankamupatsa mpata. Tsiku lililonse ankati ali kulaibulale, akufufuza m'mabuku a pa intaneti.

"Manje nimvereni," anatero Moven. "Mabuku yonse yachokera mu kabokosi kamozi pa chipupa. Tikakaleta kuno, Towela azabwera eka."

Mnzake Goliati, kamunthu kolekeza m'chiuno, analumbira kuti mu Lusaka monse munalibe mutu ngati umenewo.

Lolemba masana awiriwo analowa mu laibulale muja atavala maovolosi, makwerero ali paphewa, mlonda mpaka kuwagwirira chitseko. Anazula kabokosiko pamodzi ndi batire lake. Goliati ankafuna kukazimitsa, koma Injiniya anamukalipira kuti mabuku angafufutike. Anakaika mu wilibala n'kukaphimba ndi mitolo ya chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu, timagetsi take tikuphethirabe.

Chimene akatswiriwa sankadziwa n'chakuti ophunzira ambiri amawerengera panja, atatsamira khoma la laibulale, ndipo sabata imeneyo inali yopereka kafukufuku. Netiweki ya kabokosiko itayamba kuchepa, anangonyamuka n'kumaitsata, mafoni ali m'mwamba. Goliati pocheuka anaona chigulu chikubwera mwakachetechete, ena malaputopu ali chitsegulire. Wilibala ikathamanga, nachonso chinkathamanga. Pofika pamsika wa Mtendere, Goliati anaitaya n'kukalowa pansi pa tebulo la tomato.

Moven anafumbata kabokosiko kuti adumphe nako ngalande, ndipo akanathawa ndithu. Koma patsogolo pa gululo panali Towela, thukuta lili kamukamu, maso ali pa foni.

"Ba Moven, ndimwe? Imirirani pamene apo. Kwezani mumwamba, isilize kudaunilodi."

Chiyambire, Towela anali asanamupemphepo kanthu, ndipo mtima wa Moven unasungunuka ndi chimwemwe. Anakweza kabokosiko pamwamba pa mutu. Ophunzira anakhala pansi momuzungulira n'kupitiriza kulemba. Mikono inatopa, koma mwamuna sanatsitse.

Apolisi atafika ndi unyolo, Towela anawapempha kuti adikire kaye, buku linali litatsala pang'ono kulowa. Anadikiradi. Kenako mtsikanayo anaika foni m'chikwama, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Zikomo, ba ofisa. Ba Moven mungabatenge manje."