Tenti ya pa Chithunzi

Ntchito ya m'sitolo ya mipando m'tauni ndinaitaya ndisanaiyambe n'komwe. Nthawi imeneyo fakitale yathu inali itatsekedwa, ufa tinkagula pamzere, ndipo akazi anga, amake Dalitso, anali atanena kuti ndikapanda kupeza ntchito atenga ana n'kubwerera kwawo ku Katete. Sikunali kuopseza ayi, chikwama chinali chomanga kale.

Kuchokera ku Chawama tinapita awiri, ine ndi aneba anga ba Zulu. Eni sitolo anali akunja, ndipo anabwera ndi mayi wina wachizungu woyeza khalidwe la munthu ndi zithunzi. Ankati zithunzi sizifuna Chingerezi, aliyense padziko amaziona chimodzimodzi. Iwe kwako kunali kungonena kuti "ndine" kapena "sindine", kalaliki n'kumasulira.

Choyamba chinali cha munthu amene watong'olera maso abwana ake. Ndinati sindine (ndinaleredwa, ine). Mayi analemba. Chachiwiri chinali cha munthu wokhala yekha atagwira tsaya. Ndinaona kuti mnzangayu nayenso fakitale yake yatsekedwa, ndiye ndinati ndine. Mayi analembanso.

Kenako kunabwera tenti. Inali pabwalo la nyumba, mipando ndandanda, anthu ambirimbiri, amuna atazungulira moto.

"Bafunsa ati mumakonda kupezeka pa malo monga aya?" anatero kalaliki.

Ndinavula chipewa. "Pepani amayi. Watisiya ndani?"

Kalaliki anatsokomola. "Ba Banda, yankhani chabe. Mukonda olo simukonda?"

"Timapita chifukwa ni mwambo," ndinatero. "Amene amakondwera pa malo otere ni mfiti."

Chingerezi changa ndi chochepa, koma ndinamva ndithu akuuza mayiwo kuti sindikonda, komanso kuti anthu onse ali pachithunzipo ndawatchula mfiti. Mayi analemba kwa nthawi yaitali.

Potuluka kalaliki anandinong'oneza kuti linali phwando, motowo unali wootchera nyama. (Kuti anthuwo ankaseka ndinaona, koma pamaliro a ku Chawama amuna a pamoto amasekanso.) Zotsatira zinati ndine munthu wamanyazi, wokonda kukhala ndekha, wodana ndi anthu. Ine amene ndinkaimbitsa kwaya kutchalitchi! Ntchito anapatsa ba Zulu, ati ndi ochezeka kwambiri.

Zinandiwawa, sindinama. Pobwerera wapansi ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti linali phwando.

"Phwando?" anatero ba Zulu. "Ine ninaona malilo."

"Nanga munayankha chiyani?"

"Ninakamba zoona, kuti nikonda maningi, kwambili. Masiku yano nyama tidyela kuti?"

Amake Dalitso anakwera basi ya ku Katete kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo panapita zaka asanabwerere. Mpaka lero ndikaona tenti pabwalo dzanja limapita lokha kuchipewa. Ndinachivulanso pa ukwati wa Dalitso.